Loboti pa opaleshoni yochepetsa thupi: mufunse zotani musanakwere ndege?

Mwina mwaonapo zotsatsa pa Facebook kapena pa WhatsApp zonena kuti zipatala za ku India ndi ku South Africa zikuchepetsa anthu thupi pogwiritsa ntchito loboti. Mawu akuti loboti amakopa, koma makinawo sadula munthu paokha. Dokotala amakhala pampando m'chipinda chomwecho, maso ali pa kanema woonetsa m'kati mwa mimba, manja ake akuyendetsa timikono tachitsulo tolowa pa timabowo ting'onoting'ono. Iye akaima, makinawo amaimanso. Otchuka kwambiri ndi a da Vinci, a kampani ya Intuitive Surgical, omwe analoledwa ku America mu 2000. Ku Cape Town, zipatala za boma za Tygerberg ndi Groote Schuur nazo zili nawo.

Chomwe chimachepetsa thupi ndi opaleshoniyo, osati loboti. Njira yofala masiku ano imatchedwa sleeve gastrectomy: amachotsa pafupifupi magawo 8 mwa 10 a chifu, n'kutsala kachifu kooneka ngati nthochi. Mbali yochotsedwayo ndi imene imapanga kwambiri ghrelin, timadzi tomwe timachititsa munthu kumva njala, choncho chilakolako cha chakudya chimatsika. Njira ina, gastric bypass, amasiya kathumba kakang'ono ka chifu n'kukalumikiza kumatumbo, chakudya n'kumadumpha gawo lina la njira yake. Zonsezi zimathekanso popanda loboti, ndi zipangizo zazitali zogwira pamanja. Kafukufuku woyerekeza njira ziwirizi sanaonetse kusiyana kwakukulu pa makilogalamu omwe munthu amataya. Loboti imathandiza dokotala kusoka pamalo opanikizika, makamaka pobwereza opaleshoni yakale, koma kawirikawiri imatenga nthawi yaitali, ndipo mtengo umakwera.

Si aliyense wonenepa amene ayenera mpeni. Madokotala amayang'ana BMI: kulemera kwanu m'makilogalamu, kugawa ndi kutalika kwanu m'mamita kochulukitsidwa ndi iko komwe. Mayi wotalika mamita 1.6 wolemera makilogalamu 90 ali pa 35. Malangizo omwe mabungwe a ASMBS ndi IFSO anatulutsa mu 2022 amati opaleshoni ingaganiziridwe kuyambira pa 35, kapena pa 30 ngati pali matenda monga shuga yomwe ikukanika ndi mankhwala. Kwa ambiri otere shuga imatsikadi, ena mpaka kusiya mapiritsi. Koma kufuna kuoneka bwino pa ukwati si chifukwa chokwanira.

Nkhawa yanga ili pa zochitika munthu akatsika ndege ku Chileka kapena ku Lumbadzi. Pomwe anasoka chifu pakhoza kuchucha, makamaka m'masabata oyambirira. Inu alangizi ndi odzipereka pa zaumoyo, mukapeza munthu wochitidwa opaleshoniyi ali ndi mtima wothamanga, thupi latentha, mimba kapena phewa lakumanzere likupweteka, musamupatse panado n'kudikira mawa, ndipo musangoti ndi malungo. Apite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, makalata ake onse ali m'manja.

Kadyedwe nako kamasinthiratu. Amayamba ndi zamadzimadzi, kenako phala ndi zofewa, ndipo ngakhale atachira, mtanda umodzi wa nsima sautha. Pakhomo pathu kukana chakudya kumaoneka ngati mwano kapena matenda, ndiye makolo muyenera kumvetsa, osamukakamiza. Kamalo kochepako kayambe kulandira ndiwo zomanga thupi monga mazira, usipa ndi nyemba. Mavitamini, makamaka B12, ayironi ndi kashiamu, amamwa moyo wake wonse, ndipo magazi ayenera kuyezedwa nthawi ndi nthawi. Akalekeza, magazi amachepa ndipo mitsempha imatha kuwonongeka, miyendo n'kuyamba dzanzi. Mayi amalangizidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pathupi, ndipo mphamvu yobereka imabwerera msanga thupi likamatsika, choncho nkhani ya kulera ikambidwe asanapite.

Ngati wachibale akusonkhanitsa ndalama za ulendowu, mufunseni izi. Dokotalayo wachita maopaleshoni otere angati? Ndani adzamuona akabwerera kumudzi? Nanga mavitamini adzawagula ndi ndalama ziti chaka chachisanu? Ngati ndalama zake zingokwana chimodzi, kulipira loboti kapena kusunga za chisamaliro cha pambuyo pake, ine ndingamuuze asankhe dokotala wozolowera ntchitoyi wopanda loboti, zotsalazo asunge.