Dalaivala wa breakdown nayenso ni munthu, amafuna tulo

Motoka ikafela pa Munali Hills 2 koloko usiku, tonse tidziŵa cocita: titumila foni ba breakdown, ndipo akacedwa tikwiya. Koma ndani wa ife anafunsapo kuti mnyamata amene abwela kudzatikokayo anagona liti?

Ambili a iwo alibe nthawi yokomboka. Masana akoka mamotoka mu Lusaka, usiku foni ili pansi pa pilo, bwana ati "uli pa standby". Standby imeneyo saiŵelengela monga nchito, ndipo sailipila. Koma munthuyo sangapite ku malilo ku Chongwe, sangacoke pafupi na galaji, sangagone tulo teniteni. Ngati imeneyo si nchito, ni ciani?

Employment Code Act ya 2019 imati sabata ya nchito ni maola 48, opitilila apo ni ovataimu. Mu 2016 boma linaletsa mabasi kuyenda pakati pa 21:00 na 05:00 cifukwa ca ngozi za usiku. Manje uyu amene akoka thilaki yolema kutsika mapili a ku Chirundu, maso ali psuu, iye tulo sitimugwila?

Eni magalaji adzati ngozi siipangana nthawi, breakdown iyenela kukhala yokonzeka. Zoona. Ndiye lembani madalaivala aŵili, azisinthana. Ndalama zokokela zimene mutilipilitsa si zocepa ayi.

Ba RTSA na ba Labour, ikani malile a maola oyendetsa, ndipo maola a standby alembedwe m'buku na kulipilidwa. Ife pa wailesi tidzatsegula mafoni pa Ciŵelu, madalaivala akambe okha.