Mwana Akamaopa Namwino Kuposa Malungo, Pali Vuto

Achinyamata anzathu a ku Ndirande, Kawale, Chibavi, Chinamwali ndi kulikonse komwe uthengawu wakupezani,

Ambirife tinagonapo pansi mu wodi ya ana, kudikirira mng'ono wathu kapena mwana wa achemwali. Ndiye zomwe tikunenazi si zongomva ayi.

Tangoganizani mwana wa zaka zinayi, malungo amugwira usiku. Afika pamalo achilendo, ponunkha mankhwala, pabedi limodzi agonapo awiri. Pambali pake wina akulira. Kenako pabwera munthu wovala yunifolomu, amugwira dzanja, akusaka mtsempha woti aikepo dripi. Palibe womuuza chomwe chikuchitika. Akakuwa, zomwe amamva n'zoti mayi ake amugwire zolimba chifukwa pamzere pali ambiri.

Ife tikuti kutonthoza mwanayo ndi chithandizo, chimodzimodzi mankhwala. Mwana wamantha amalavula mankhwala, amazula dripi, singano n'kumubayanso kachiwiri, kachitatu. Mayi amene anakalipiridwa pamaso pa mwana wake amazengereza kubwereranso. Ulendo wina amayamba wagula panado pagolosale, kuchipatala n'kufika mwana atayamba kale kukomoka. Nkhanza za lero zimapha mawa.

Koma tisanathamangire kuloza chala anamwino, tiyeni tinene chilungamo. Namwino amene watsala yekha usiku ndi wodi yodzaza, magetsi azima, akuunikira ndi tochi ya foni, nthawi yogwada pansi n'kucheza ndi mwana aliyense aipeza kuti? Chopweteka n'chakuti anamwino omaliza maphunziro alipo, angokhala pakhomo kudikira kuti boma liwalembe ntchito. Ena ndi anzathu omwe akuwerenga uthenga uno. Mu wodi mulibe anthu, anthuwo ali kunyumba. Nzeru zake zili pati pamenepa?

Mu 2001 ku Abuja, maiko a mu Africa analonjeza kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Papita zaka zoposa 20, koma bajeti zathu za zaka zaposachedwazi sizikufikapo.

Ndipo asatinamize kuti wodi ya ana yabwino n'zakunja. Ku Queens ku Blantyre kuli Mercy James Centre, yomwe inatsegulidwa mu 2017 ndi thandizo la bungwe la Madonna la Raising Malawi. Kuli zithunzi m'makoma, kuli malo oti ana azisewera. Ndiye tizidikira woimba wina wakunja kuti mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa naye aone zotere? Misonkho tikudulidwa tsiku ndi tsikuyi ikugwira ntchito yanji?

ZOMWE TIKUFUNA

1. Unduna wa Zaumoyo ulembe ntchito anamwino omwe ali pakhomo, ndipo mawodi a ana akhale oyamba kulandira.
2. Aphungu athu atiuze poyera mbali yomwe aima pa bajeti ya zaumoyo. Mufunseni wa dera lanu.
3. Mwana aziuzidwa m'chilankhulo chake zomwe akufuna kumuchita, ndipo mayi kapena womudikirira azikhala pambali pake akamabayidwa.
4. Namwino wotukwana kapena womenya mwana ayankhe mlandu. Kuchuluka kwa ntchito si chilolezo chochitira nkhanza.

NANGA IFEYO?

Tisiye kuopseza ana ndi chipatala. Zija timanena kunyumba zoti ukapanda kutonthola tikakubayitsa jakisoni, mwana amazisunga mumtima. Tsiku lodwala, namwino amakhala chilombo asanalankhule n'komwe.

Tisamunamize kuti sizipweteka. Muuzeni kuti zipweteka pang'ono, koma muli naye pompo. Mutengereni chitenje kapena chidole chomwe anachizolowera.

Mukaona nkhanza, lembani tsiku, nthawi ndi wodi. Kadandauleni kwa ombudsman wa pachipatalapo kapena ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Koma chonde, osajambula ana odwala n'kuwaponya pa Facebook. Mwanayo nayenso ali ndi ulemu wake.

Ndipo namwino akamusamalira bwino mwana wanu, muthokozeni. Alipo ambiri otero, akugwira ntchito ya anthu atatu.

Tumizani uthengawu ku gulu la kubanja, la kutchalitchi, la kumzikiti ndi la mpira. Ngati ndinu namwino, tilembereni momwe usiku umakhalira mu wodi yanu. Dzina lanu sitilitchula.