Dzina la Hana timalikonda, nanga mwini wake?

Pa mayina a atsikana amene tinatenga m'Baibulo, la Hana silikalamba. Ena amalemba Hannah, ena Anna, koma gwero ndi limodzi: dzina la Chiheberi lotanthauza chisomo, kukomeredwa mtima. Agiriki ankalitchula Anna, ndipo m'menemo munatuluka Anne wa Angerezi ndi Anita wa ku Spain. Ku America, mu 1998, 1999 ndi 2000, Hannah linali lachiwiri pa mayina onse a ana aakazi, kutsogolo kwake kuli Emily yekha. Kuno kwathu lili m'makaundula a ubatizo, ndipo Chisomo wa pakhomo panu ndi Hana amene.

Chimandipweteka n'chakuti tinatola dzina, mwini wake n'kumusiya.

Hana wa m'buku loyamba la Samueli anali mkazi wa pamitala, wopanda mwana. Mkazi mnzake, Penina, anali ndi ana, ndipo chaka chilichonse banja likapita ku Silo kukapereka nsembe ankamutonza mpaka Hana kulira, osadya. Mwamuna wawo Elikana ankamukonda, inde, koma sanamvetse bala lake. Ankaganiza kuti iye yekha akukwanira kulowa m'malo mwa ana khumi. Ngakhale wansembe Eli, atamuona akupemphera milomo yokha ikugwedera mawu osamveka, anamuyesa woledzera. Panyumba chitonzo, kukachisi chiweruzo. Samueli anabadwa pambuyo pake, kenako ana ena aamuna atatu ndi aakazi awiri, koma alaliki athu amathamangira kumeneko ngati zaka za misozi zija sizinalembedwe.

Ayuda sanazidumphe. Nkhaniyi amaiwerenga tsiku loyamba la Rosh Hashanah, chaka chawo chatsopano, ndipo arabi akale anaphunzira kwa Hana kapempheredwe ka chamumtima. Mkazi amene wansembe anamunyoza anasanduka mphunzitsi wa pemphero.

Tsono tayang'anani kwathu. Mtsikana akakwatiwa, chaka n'kutha osaima, manong'onong'o amayamba. Apongozi amati akungodya chakudya cha mwana wawo. Alamu amamutcha chumba. Ankhoswe, m'malo moteteza banja, nthawi zina ndiwo amanong'oneza mwamuna kuti akayese kwina. Ndipo ambiri mwa onena zimenezi ndi amayi opemphera, ovala yunifolomu ya mpingo, amene zidzukulu zawo ndi a Hana. Ndawamva ndi makutu anga pamaliro, pamene wonenedwayo ali kuseri akusonkha moto wophikira iwo omwe.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pamoyo wake. Vutoli limakhala kwa mkazi, limakhalanso kwa mwamuna. Koma amene amatumizidwa kwa asing'anga, kumwa mitsitsi yowawa ndi kukagona kuphiri, ndi mkazi. Bambo amakana ngakhale kukayezetsa.

Sindikuti tileke kupatsa ana dzinali. Ndi lokoma, ndipo ndimalikonda. Ndikupempha abusa ndi atsogoleri a Mvano ndi Chigwirizano kuti pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, pamene amayi akulandira zitenje, awerenge chaputala choyamba cha Samueli chonse, osadumpha Penina ndi Eli. Akatero afunse kuti ndi amayi ati amene sanabwere kutchalitchi sabata imeneyo, ndipo atume anthu akawaone.