Chenjezo: Chifuwa Chosamva Mankhwala Musachilekerere

Kwa inu a ku Chikangawa, Luwawa, Jenda, Embangweni ndi pa boma la Mzimba, makamaka osuta chingambwe, ootcha makala, ocheka matabwa ndi abambo amene munakumbapo m'migodi ya ku Joni.

Mukatsokomola kupitirira masabata awiri, pitani akakuyezeni makhololo. Koma dziwani kuti makina a GeneXpert oyezera makhololowo amafufuzamo tizilombo ta TB basi, khansa saiona. Akakuuzani kuti TB mulibe, pomwe makhololo akutuluka ndi magazi, mawu asasa, thupi likutha, musabwerere kunyumba n'kumati ndi utuchi kapena kuzizira kwa m'Viphya. Inunso amene mwamwa mankhwala a TB miyezi iwiri osaona kusintha, musawasiye ayi, koma bwererani msanga mukawauze adokotala.

Pa X-ray, khansa ya m'mapapo imatha kufanana ndi TB. Chithunzi chimangosonyeza kuti mkatimo muli kanthu. Kuti kanthuko n'chiyani, amadziwa akatapako kanyama n'kukaunika ku labotale, monga ya pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Ambiri amathawira pomwepa, ati chotupa akachibaya chimalusa. Chimalusa chifukwa chochedwa kuchiyeza.

Khansayi si yamtundu umodzi. Ina amaitcha small cell, ndipo imafalikira mwachangu. Mitundu inayo amaisiyanitsanso ndi tizizindikiro tobisika m'chibadwa cha chotupacho. Mu 2004 akatswiri anapeza kuti chotupa chimene jini yake ya EGFR yasinthika chimafota ndi mapiritsi ena, monga gefitinib ndi erlotinib. Mu 2007 anapezanso chizindikiro china, cha ALK, chimene chili ndi mankhwala akeake. Zizindikiro ziwirizi zimapezeka kwambiri mwa anthu amene sanasutepo, choncho amayi musati ndi matenda a abambo okhaokha.

Ndiye chonde, musamwe mapiritsi a khansa amene m'bale watumiza kuchokera ku Joni poti anathandiza mnzake. Ngati chotupa chanu chilibe chizindikiro chogwirizana ndi mapiritsiwo, ndalama zapita, nthawi yapita, mungotsala ndi zidzolo ndi kutsegula m'mimba.

Tengani buku lanu la kuchipatala, zotsatira za makhololo ndi chithunzi cha X-ray ngati anakupatsani, mupite ku chipatala cha boma cha Mzimba kapena ku Mzuzu Central. Kafunseni mosaopa ngati pakufunika kuyeza kanyama, ndipo mupemphe kalata yokutumizani kumene amayeza.