Za Umoyo Wathu: Namwino Asakhale Mlendo Pakati Pathu

Mwezi uno tikambirane za vuto limene limasautsa zipatala zambiri za kumidzi, ndilo kusakhalitsa kwa anamwino ndi azamba. Kawirikawiri namwino amagwira ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo anthu akangoyamba kumzolowera amamva kuti wasamukira m'tauni kapena wapita kunja.

Namwino wokhalitsa akachoka, chipatala chimataya munthu amene amadziwa mayi amene anavutika pa uchembere wapitawo, agogo amene amaiwala kumwa mankhwala, ndi mudzi umene mtsinje umautsekereza m'dzinja. Otsalawo amasenza ntchito ya anthu awiri, natopa, nayamba nawonso kufunafuna kwina kolowera.

Dziko lathu linalawa zowawa zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene anamwino ambiri anapita ku Britain ndipo ena anamwalira ndi Edzi. Kuyambira mu 2005, Boma, mothandizidwa ndi dziko la Britain ndi bungwe la Global Fund, linaonjezera 52 tambala pa kwacha iliyonse ya malipiro a magulu 11 a antchito a zaumoyo, m'zipatala za Boma ndi za mipingo zomwe. Linakuzanso sukulu zowaphunzitsira. Antchitowo anachuluka kuchoka pa 5,453 mu 2004 kufika pa 8,369 mu 2009.

Izi zitiphunzitsa kuti malipiro oyenera ndi ofunika ndithu. Komabe ndalama pazokha sizimkhazika munthu pamalo. Namwino amafunsanso kuti: Kodi nyumba yanga ili ndi madzi ndi denga losadontha? Ana anga adzaphunzira kuti? Ndidzapuma liti? Kodi mwayi wopitiriza maphunziro udzandipeza kuno kumudzi? Akuluakulu oyang'anira zipatala ayenera kuyankha mafunso amenewa, kugawa ntchito ya usiku mosakondera, ndi kumvetsera madandaulo munthu asanalembe kalata yotsazika.

Tsono nafenso tili ndi gawo lathu. Zipatala monga za Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni ndi Mulanje Mission ndi za mpingo, ndiye kuti ndi zathu. Amuna a pamudzi angathe kuumba njerwa za nyumba ya mzamba. Amayi a Chigwirizano, a Mvano kapena a Umanyano angathe kukamzonda namwino wachilendo ndi kumuonetsa kumsika ndi kuchigayo. Pamene tadikira nthawi yaitali pamzere, tisamlalatire munthu amene wachezera usiku wonse kuchiritsa amayi. Ngati walakwadi, tikatule nkhaniyo ku komiti ya chipatala, osati kumnyoza pagulu.

Inu achinyamata amene mukuphunzira unamwino, ngati munalonjeza kutumikira zaka zakutizakuti pachipatala chimene chinakulipirirani sukulu, kwaniritsani lonjezolo. Inunso makolo, musaumirize mwana kuthawa ntchito ya kumudzi chifukwa chongofuna kuti azikutumizirani zambiri.

Akulu akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Namwino amene timsiya akhale mlendo adzachoka msanga, ndipo mayi wobwera usiku pa ngolo adzapeza chitseko chotseka. Tiyeni timlandire monga mwana wa pamudzi pathu.