Buluzi wopanda makutu, koma amamva



Tikaona buluzi pakhoma la kalasi ambiri timangodutsa, ndipo anyamata ena amathamangira mwala. Ndi ochepa amene adayimapo n'kuona kuti kumbuyo kwa diso lake kuli kabowo. Kabowo kameneka ndiye khutu lake.

Si abuluzi onse ali nako. Kumadera ouma a United States ndi kumpoto kwa Mexico kuli abuluzi ang'onoang'ono otchedwa Holbrookia, dzina lokumbukira katswiri wa zinyama John Edwards Holbrook. Kutalika kwawo, kuphatikiza mchira, n'kwa masentimita 10 kapena kupitirira pang'ono. Amadya tizilombo ndi akangaude, ndipo amaikira mazira m'nthaka. Pamalo pa kabowo kaja pali khungu ndi mamba, n'chifukwa chake anthu adawatcha opanda makutu.

Dzinali limanamiza. Ziwalo zomvera zilipo mkati mwa mutu, ndipo abuluziwa amamva. Chomwe chilipo n'chakuti kukatentha kwambiri, kukada, kapena mdani akayandikira, amadzikwirira mumchenga. Taganizirani khutu lotseguka likulowa mumchenga tsiku ndi tsiku. Chimene ife tikanachitcha chilema ndicho chitetezo chawo.

Ku White Sands, m'chigawo cha New Mexico, mchenga ndi woyera mbee. Abuluzi a mtunduwu okhala kumeneko ndi otuwa ngati mchengawo, pomwe anzawo a panthaka yoderako chapafupi pomwepo ndi oderanso. Mbalame yodya abuluzi ikamauluka pamwamba imavutika kuwaona.

Tikulemba izi chifukwa cha maganizo omwe timawamva kawirikawiri: akuti Biology ndi yongokhozera mayeso a MSCE, za dini n'zakumadrasa, ndipo ziwirizi sizikumana. Ife sitikugwirizana nazo. Qur'an yolemekezeka ili ndi ma Surah otchedwa ndi maina a tizilombo: An-Nahl, njuchi, An-Naml, nyerere, Al-Ankabut, kangaude. Imatilamula mobwerezabwereza kulingalira zolengedwa za Allah. Tingalingalire bwanji chinthu chomwe sitinachiyang'ane? Al-Jahiz wa ku Basra, yemwe adamwalira cha m'ma 868, adalemba buku lalikulu la zinyama, Kitab al-Hayawan, ndipo sadaone kuti akutaya nthawi.

Wina anena kuti: "Nanga si hadith imalamula kupha buluzi?" Hadith imeneyo ilipo, koma imatchula wazagh, yemwe ndi nalimata. Hadith ina imasimba za buluzi wamkulu wa m'chipululu wotchedwa dabb. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, sadamudye koma sadamuletse, ndipo Khalid bin Walid adadya pamaso pake. Chisilamu chidasiyanitsa buluzi ndi buluzi. Mnyamata wogenda gulo, nanzikambe ndi chilichonse chokwawa m'dzina la hadith akuonetsa kuti sadziwa hadith, sadziwanso nyama. Apa mpamene dini imafuna maso a munthu wophunzira zachilengedwe.

Palinso china chotikhudza tonse. Amene adatcha kanyamaka wopanda makutu adaweruza ndi zapamwamba. Ifenso timatero ndi anzathu: wachibwibwi timamuti mbuli, wachete timamuti wonyada, wachialubino timamupatsa maina. Sitinafunse zomwe Mlengi adaika mkati mwake.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Choncho tikupempha chinthu chimodzi sabata ino. Pa nthawi yopuma, mwala usiyeni pansi. Khalani chete pafupi ndi khoma lothedwa ndi dzuwa kwa mphindi zisanu, mupeze khutu la buluzi wathu wa kuno, muone chomwe akudya ndi komwe akuthawira. Mulembe m'kope, mubwere nazo ku phunziro la Biology ndi la Chisilamu lomwe. Insha Allah, tidzakambirana kuwiri konseko.

Wassalamu alaikum.