Kabuku ka Malonda Kafike ku Bowe

Soya ndi mtedza zikakhwima ku Bowe, mavenda amabwera ndi masikelo awo, mlimi n'kugulitsa pa mtengo umene wauzidwa. Chimandiwawa n'chakuti mbewu zomwezo zimakawoloka malire ku Mchinji, phindu n'kukadyedwa ndi ena. Mlimi wathu si waulesi ayi, koma palibe anamufotokozera njira. Kuyambira 2010, bungwe la COMESA lili ndi ndondomeko yoti wamalonda wamng'ono azidutsa ndi katundu pa chipata cha Mwami kupita ku Chipata ndi mafomu ochepa, mosalipira msonkho wolowetsera katundu wina wopangidwa kuno. Ndi angati ku Madisi kapena ku Mponela amene akudziwa zimenezi? Tikufunika kabuku kakang'ono ka m'Chichewa, kofotokoza kawerengedwe ka ndalama zolowa ndi zotuluka, kumene chilolezo chotumizira mbewu kunja chimatengedwa, ndiponso chifukwa chake mtedza wonyowetsedwa pousenda umagwira chuku mpaka ogula akunja kuukana. A Unduna wa Zamalonda, lembani kabukuka, mukapereke ku makalabu a alimi kukolola kusanafike.

Wanu, Mwana wa ku Bowe